Kompyuta inakana kuyaka, ine ndinakana kudekha

Ambiri mumandidziwa ngati munthu wofatsa, koma lero ndabwera kudzaulula kuti sabata yathayi kufatsako kunandithawa.

Mdzukulu wanga, amene walemba mayeso a MSCE chaka chino, anandipempha kuti tigule zipangizo za kompyuta chilichonse pachokha kuti azilumikize yekha. Ndinatapa ndalama za penshoni, ndipo mukudziwa inu mmene ndalama zimenezo zimachepera. Masiku awiri mnyamatayo sanachoke patebulo. Lachisanu madzulo banja lonse linasonkhana, iye n'kudina batani. Zii! Fani sinazungulire, kanyali sikanayake. Magetsi analipo ndithu, pakuti firiji inali kulira.

Mtima unandiwira. Ndinati, "Iwe, wataya ndalama zanga. Ndinadziwa kuti ntchitoyi si ya ana." Iye anangowerama. Mayi a kunyumba anandiyang'ana osanena kanthu, ndipo usiku umenewo nsima sinakome.

Kutacha anandipeza pakhonde nati, "Agogo, bwerani mudzakhale apa muone. Tiyambire kukhoma."

Anayamba ndi soketi, nalumikizapo wailesi, ndipo inalira. Kenaka anandikumbutsa kuti mapulagi athu a mapini atatu amakhala ndi fyuzi mkati, choncho anasintha chingwe n'kuika cha monita. Kumbuyo kwa power supply, bokosi limene limagawa mphamvu ya magetsi, kuli kaswitchi kolembedwa I ndi O. Kanali pa I, monga kuyenera. Atazula pulagi, anakanikiza chingwe chachikulu cha mapini 24 chopita pa motherboard, natsimikiza kuti kandowe kake kagwira. Anachitanso chimodzimodzi ndi chingwe cha mapini 8 chodyetsa CPU, chimene ambiri amachiiwala. Anazula RAM naibwezera bwino m'malo mwake. Tinayesanso, koma kunali zii.

Apa anatsegula kabuku kamene kanabwera ndi motherboard. Anandifotokozera kuti batani la kutsogolo silinyamula magetsi a kukhoma. Ntchito yake n'kugunditsa timapini tiwiri kwa kamphindi, ndipo motherboard ikamva, imauza power supply kuti iyambe ntchito. Anachotsa kawaya kolembedwa POWER SW, nakhudza mosamala timapini tiwirito ndi nsonga ya sikuludiraiva. Pomwepo fani inazungulira, ndipo zilembo zinaoneka pa monita. Vuto lonse linali lakuti kawayako kanalowa pa mapini oyandikana ndi oyenerawo. Palibe chimene chinapsa, ndipo palibe tambala inatayika.

Inu amene ana anu akuyesa ntchito yotereyi, sungani ndondomekoyi: yambirani kukhoma, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo zulani pulagi musanagwire zingwe za mkati. Bokosi la power supply musalitsegule konse, chifukwa limasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi.

Inde, mnyamatayo analakwitsa, koma cholakwa chake chinakonzeka ndi zala ziwiri. Changa chinali chachikulu. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito m'boma sindinasaine kalata ndisanaiwerenge tsamba ndi tsamba, koma mdzukulu wanga ndinamuweruza ndisanafunse funso ngakhale limodzi. Akadamvera ukali wanga, bwenzi titanyamula katundu wabwinobwino kukakangana ndi wogulitsa wosalakwa, ndipo iye sakadayesanso kupanga kanthu ndi manja ake. Makolo sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinamupepesa pamaso pa onse amene anamva mawu anga oyamba aja, pakuti ndinamuchititsa manyazi poyera. Iye anangomwetulira nati, "Agogo, dinani ndinu." Ndinadina, ndipo inayaka. Mawu mukuwerengawa ndalembera pa kompyuta yomweyo.

Tsalani mu mtendere nonse.