Nambala imene ndinaika polakwika

Loweruka lililonse ndimathandiza pashopu ina ya zachifundo kuno ku Glasgow. Anthu amabweretsa zovala, mabuku ndi mbale zimene atopa nazo, ife timagulitsa, ndalama zake n'kukathandiza osowa. Zovala zokanika kugulidwa zimamangidwa m'mabelo. Ndikaziona ndimaseka ndekha, poti mwina zina ndidzakumana nazo pakaunjika ku Limbe.

Tsiku lina kunabwera mayi ena achikulire ndi zikwama ziwiri, koma sanafune kuzisiya. Anati anapusitsidwapo. Anthu ena anaponya thumba pakhomo pawo lolembedwa kuti n'lothandiza ana odwala, iwo n'kudzazamo zovala za malemu amuna awo, kenako n'kumva kuti bungwelo kulibe.

"Nambala yanu ya kaundula ili pati?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa pachitseko. Anaikopera pakapepala, n'kubwerera ndi zikwama zawo.

Usiku umenewo ndinatsegula OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene Steve Coast anayambitsa mu 2004, omwe aliyense akhoza kuwonjezerapo zimene akudziwa. Ndinapeza shopu yathu, n'kulemba nambalayo pamodzi ndi dzina kuti aliyense aziiona. Ndinagona ndikudzitama.

Patapita masiku atatu, dzina linali lokhalokha. Eee, ndinapsa mtima! Ndani ameneyu wofufuta ntchito yanga? Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti sanafufute, anangoisunthira pamzere wake.

Pamapuwa malo aliwonse amakhala ndi timizere tofotokoza, kalikonse ndi ntchito yake. Pa name pamalembedwa dzina basi. Kamzere ka shop=charity kamanena mtundu wa shopu, operator ndi amene amaiyendetsa, ndipo manambala amapita pa timizere toyamba ndi ref. Kompyuta siganiza ngati munthu. Ukabisa nambala m'dzina, wofuna kuyerekeza mashopu onse ndi kaundula wa boma saipeza.

Koma povuta si pamenepo. Britain ilibe kaundula mmodzi. Ku Scotland mabungwe amalembetsa ku OSCR, ndipo nambala zake zimayamba ndi SC. Ku England ndi Wales kuli Charity Commission, nambala zake zilibe zilembo. Northern Ireland nako kuli kaundula wakewake. Bungwe logwira ntchito ku England ndi ku Scotland komwe limatha kukhala ndi nambala ziwiri. Ndiye pashopu ya ku Glasgow ulembe iti? Mapuwa amalola kulemba zonse pamzere umodzi, n'kuzilekanitsa ndi chizindikiro cha ;. Njira ina n'kupatsa kaundula aliyense mzere wake.

Ine ndili kumbali yachiwiriyi. Mapuwa ndi a dziko lonse lapansi, ndipo tsiku lina wina ku Zomba adzalembapo nambala ya bungwe lolembetsa ku NGORA. Nambala yopanda dzina la kaundula ili ngati kuuza munthu kuti "ndimakhala nyumba ya nambala 12" osatchula dera. Komanso nambalayo ndi ya bungwe, osati ya nyumba. Shopu ikasamuka, wokonza mapu azikumbukira kuichotsa, apo ayi wogulitsa mafoni amene walowamo atsala ndi mbiri yachifundo yosakhala yake.

Mayi aja mapu sawagwiritsa n'komwe. Anabweranso Loweruka lotsatira, akuti mdzukulu wawo anafufuza nambala ija m'kaundula wa OSCR n'kuipeza. Anasiya zikwama zonse ziwiri. Munali majekete achimuna anayi, osita bwinobwino, ndipo m'thumba la limodzi ndinapezamo tikiti yakale ya basi.