Chisanu cha ku Scarborough

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, mwana wanga, yemwe ndi namwino, anandiitanira ku Scarborough, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England. Ndinafika mu Disembala. Dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mphepo ya kunyanja inkaluma kuposa mwera wa ku Nkhotakota. Anansi ankangodutsa atazolika, osapereka moni. Mumtima ndinati, "Anthuwa sandifuna," ndipo ndinaganiza zobwerera kwathu.

Mu Malichi masiku anatalika. Maluwa achikasu anaphuka m'mbali mwa misewu, ndipo padoko asodzi a nkhanu ankakonza misampha yawo akucheza. Tsiku lina mayi wachikulire woyandikana nafe anandiitanira tiyi, nandifunsa za kwathu.

Ndinachita manyazi. Chimene chinkawazolikitsa chinali chisanu, osati chidani. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.