Galimoto Ikamachedwa Kumvera Phazi

Umakaniko ndinauphunzira pa galimoto za kabuleta, zija phazi la dalaivala linkalankhula ndi injini kudzera pa waya wachitsulo. Ukaponda, waya ukukoka, injini ikubangula pompo. Galimoto zimene zimabwera pa galaja yanga kuno ku Kachebere masiku ano zambiri zilibenso wayayo. Pa chopondera moto pali sensa imene imauza kompyuta kuti phazi lafika pati. Kompyutayo ndiyo imalamula kamota kakang'ono kotsegula chitseko cha mpweya mu throttle body. A Toyota amati ETCS-i. Choncho pakati pa phazi ndi injini pali wina amene amayamba waganiza kaye, ndipo ntchito yanga yambiri ili pa ameneyo.

Tili kufupi ndi msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita kumalire a Mwami, kumene mu December 2022 anatsegula ofesi imodzi yochitira zonse za mayiko awiri ogawana malirewo. Amene amandipeza ndi a kuno ku Mchinji komanso a ku Chipata: oyendetsa Sienta ndi Probox, ndiponso anyamata a geni ya soya ndi mtedza amene zikawayendera amaitanitsa Mark X ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Dandaulo lawo ndi limodzi. "Amisiri, galimotoyi yayamba ulesi. Ndikaponda moto kuti ndipitirire thiraki, imayamba yazengereza. Ingoiikani pa kompyuta muifufute."

Ndimayankha kuti, "Bwana, kufufuta n'komaliza. Tiyambe taona chimene yadya."

Poyamba penipeni ndimayang'ana mabatani. Mark X ili ndi kabatani kolembedwa SNOW, kothandiza poyenda pa chipale chofewa ku Japan. Kakadinidwa, galimoto imanyamuka mofatsa dala kuti matayala asaterereke. Mwana akakagunda posewera, mwini wake amaganiza kuti injini yatha. Pamenepo sindilipiritsa.

Kenako ndimalumikiza makina anga pa soketi ya OBD, ya mabowo 16 ija, pansi pa chiwongolero. Akalemba P0171, ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. P0101 amaloza sensa yoyeza mpweya, ya MAF. P2135 amatanthauza kuti masensa awiri a throttle sakugwirizana. Manambalawa amangondilozera njira, koma vuto lenileni limaoneka ndi maso.

Fumbi la mwezi wa October kuno silinyengerera. Galimoto ikamalowa m'misewu ya kumidzi kukatenga matumba, air cleaner imadzaza msanga. Ena amaikuntha pa tayala n'kuibwezera, mwina itang'ambika kale. Fumbi likadutsa limakamata pa timawaya towonda kwambiri ta MAF, sensayo n'kuyamba kunamiza kompyuta. Timawaya timeneti sitikhudzidwa ndi chala kapena nsalu. Timangopoperedwa mankhwala ake, n'kusiyidwa kuti tiume tokha.

Ndikamasula paipi yaikulu, throttle body imaonekera. M'mphepete mwa kachitseko kozungulira mumakhala mzere wakuda wonanda, mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oilo. Ndimachotsa batire kaye, chifukwa kamota kaja kakhoza kukupana chala. Ndimanyowetsa kansalu koyera ndi mankhwala n'kupukuta pang'onopang'ono mpaka chitsulo chiwale, osathira madzi ku mbali ya magiya ndi mawaya. Injini ya Mark X ya 2.5, yotchedwa 4GR-FSE, ili ndi vuto linanso. Imapopera petulo molunjika mu silinda, ndiye mavavu olowetsa mpweya satsukika ndi mafuta ndipo amaunjikana mwaye. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Mafuta nawo ali ndi mlandu. Chiyambire kusowa kwa mafuta mu 2022, anthu ambiri azolowera a m'zigubu. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino, amalowa mu thanki ndi madzi komanso zinyalala. Sefa imatsekeka, pampu imafooka, ndipo ukaponda mwadzidzidzi mafuta safika okwanira.

Zonsezi zikayera, m'pamene timaphunzitsanso kompyuta. Chifukwa chake n'chakuti mwaye ukamachuluka, kompyuta imazolowera kutsegula kachitseko mopitirirako kuti injini isazime. Ukatsuka koma osaiphunzitsa, imapitiriza chizolowezi chakale, injini n'kumalira mokweza galimoto itangoima. Toyota zambiri sizivuta. Batire ikakhala yochotsa kwa mphindi zingapo, umaliza injini, kuzimitsa magetsi onse ndi AC, kuisiya itenthe mpaka muvi woonetsa kuzungulira kwa injini ukhazikike pafupi ndi 700, kenako kuiyendetsa pa msewu mosinthasintha liwiro.

Nissan monga Tiida ndi X-Trail zimafuna wotchi m'manja. Injini itatentha, umaizimitsa n'kutembenuza kiyi osailiza, kudikira masekondi 3, kuponda ndi kusiya kasanu m'masekondi 5, kudikira masekondi 7, kenako kuponda mpaka pansi kwa masekondi pafupifupi 20 kufikira nyali ya check engine itasiya kuphethira. Ukatero umachotsa phazi msanga n'kuliza injini. Ukaphonya pang'ono, uyambirenso. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena amabwera ndi kabokosi kogula pa intaneti kapena ku Johannesburg, kolumikiza pa chopondera. Ndimakaika ngati mwini wake waumirira, koma ndimamuuza zoona. Kamangokokomeza uthenga wa phazi, kuti ukaponda pang'ono kompyuta imve ngati waponda kwambiri. Mphamvu ya injini siwonjezeka ngakhale pang'ono, pomwe mafuta amatha msanga chifukwa dalaivala amakhala akunjanja.

Inu eni galimoto, musathamangire kufufuta kompyuta kapena kugula throttle body yatsopano, imene mtengo wake unakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Sinthani air cleaner nyengo ya fumbi isanathe, thirani mafuta pa filling station pamene mungathe, ndipo nyali ya check engine ikayaka musaimate tepi. Galimoto yopuma mpweya woyera ndi kumwa mafuta abwino imamvera phazi popanda kabokosi kalikonse.