Phungu wa ku Mafalala ndani?

Dzinja lapitali ndinakakhala masabata atatu kwa mlongo wanga ku Maputo, m'dera lotchedwa Mafalala. Ife a kuno ku Angónia tikamva kuti uje ali ku Maputo timangoganiza za nyumba zosanja. Abale anga, nyumba zosanjazo zimathera pa msewu wa Marien Ngouabi. Mukangouwoloka mwalowa m'tinjira topanikiza, toti amayi awiri osenza madzi sangapatukirane, ndipo nyumba zakale n'zamatabwa ndi malata. Nthawi ya Apwitikizi msewu umenewu ndiwo unali malire: uko azungu, kuno anthu akuda.

Mitundu ndi yosakanikirana. Kuli Aronga eni nthaka, Amakua ochokera ku Ilha de Moçambique, ndi ena amene makolo awo anachokera ku zilumba za Comores. M'bandakucha mumadzuka ndi mawu oitanira anthu ku mzikiti, madzulo mumaona amayi akuvina tufo. Katswiri wa mpira Eusébio anabadwira komweko mu 1942, ndipo Samora Machel ndi Joaquim Chissano anakhalakonso. Ana akumeneko amakuuzani zimenezi musanawafunse n'komwe.

Koma malowo ndi otsika. Usiku wina mvula inagwa yamphamvu, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Thumba la nyemba limene ndinanyamula kuchokera ku Dómuè linanyoweratu. Kutacha, tikukapa madzi ndi zidebe, ndinafunsa alamu anga kuti phungu wawo ndani, kuti tikamuonetse. Iwo anaseka. "Alamu, ife tinavotera mbendera, osati munthu. Kodi mbendera ingabwere kudzaona madzi?"

Sananame. Chiyambire chisankho cha zipani zambiri mu 1994, ku Nyumba ya Malamulo kumakhala aphungu 250, ndipo timawasankha pa mndandanda wa chipani, chigawo chonse pamodzi. Mu 2019 mzinda wa Maputo unapatsidwa mipando 13, chigawo chathu cha Tete 21. Mwa aphungu 13 aja panalibe woti n'kumuloza chala kuti uyu ndi wa Mafalala. Amene amamuika munthu pamwamba kapena pansi pa mndandanda ndi chipani, choncho iye amaopa chipanicho kuposa ife. Za ngalande akuti ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda, koma nakonso kuyambira 2018 amavotera mndandanda.

Ndinawafotokozera za abale athu a ku Dedza, kutsidya kwa Calómuè, amene dera lililonse lili ndi phungu wake womudziwa dzina ndi nyumba. Sindikuti kumeneko zonse zili bwino, ena amasowa zaka zisanu osaonekera. Komabe anthu amadziwa womudikirira tsiku lovota.

Chinandipweteka n'chakuti Nyumba ya Malamulo, pa msewu wa 24 de Julho, ndi yoyenda wapansi kuchokera ku Mafalala. Ife timadandaula kuti tinaiwalika chifukwa tili kutali. Nanga iwo?

Tsiku lonyamuka alamu anandibwezera funso lija, kuti nditchule aphungu a ku Tete. Ndinawerenga pa zala, n'kuthera pa chachiwiri.