Mwana Amene Ndinamlanga Osamfunsa

Ndaphunzitsa zaka zambiri, koma pali mtsikana mmodzi wa Fomu 3 amene sachoka mumtima mwanga. Amayi ake atamwalira, mwanayo anayamba kuwodzera m'kalasi ndi kulephera mayeso. Ine ndinayesa ulesi, ndipo kawiri konse ndinampatsa chilango chotchetcha udzu.

Teremu yomweyo kunafika achinyamata atatu ochokera ku koleji, ophunzira za maganizo a munthu, amene anatumidwa kudzaphunzira ntchito yao pakati pa anthu. Ndivomere kuti ndinawapeputsa, pakuti sabata yoyamba sanaphunzitse kanthu. Anakaonekera kwa amfumu, anakhala pamphasa ndi amayi a m'mudzi, nafunsa m'mene ife timatchulira mtima wolemedwa. Pambuyo pake anasankha ana angapo okhulupirika kwa anzao, nawaphunzitsa zinthu zitatu: kumvetsera osadula mau, kusunga chinsinsi, ndi kuthamangira kwa wamkulu ngati mnzao alankhula zodzipha.

Lamulo lachitatuli ndilo linapulumutsa mtsikana uja. Usiku wina anaululira mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuti moyo wamkola, ndipo mnzakeyo sanadikire kuti kuche. Tinaitana azakhali ake, natengera mwanayo kwa namwino. Anachira pang'onopang'ono, nalemba mayeso ake.

Mmodzi wa alendowo anandiuza kuti mabuku anamphunzitsa maina a matenda, koma mudzi unamphunzitsa m'mene ovutika amalankhulira. Anandisimbiranso za Dr Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe, amene mu 2006 anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Poona kuchepa kwa madokotala a maganizo, iye anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Akatswiri achuluke bwanji, sangafike pakhomo lililonse. Mutu umodzi susenza denga.

Makolo anzanga, mwana akangoti zii, tisafulumire kutenga chikoti monga ndinachitira ine, tiyambe tamfunsa. Ndipo inu achinyamata, mnzanu akakuululirani zoopsa, kumuuza wamkulu si ukazitape ai. Mtsikana uja lero ali ndi banja lake chifukwa mnzake sanakhale chete. Ine ndinakampepesa, ngakhale mochedwa.