KU LOMMEL, KUMENE NKOLOKO IWERUZA AKATSWIRI A NJINGA ZAMOTO

Kumpoto kwa dziko la Belgium, m'cigawo ca Limburg, pafupi ndi malire a dziko la Netherlands, kuli tauni yochedwa Lommel. Dera limeneli ndi lacidikha, lopanda phiri ngakhale limodzi, ndipo mlendo wofika kumeneko amaona mitengo ya paini, ngalande za madzi zoongoka ndi misewu yodzala anthu opalasa njinga. Anthu ake alankhula Cidachi. Cuma ca malowa cili pansi pa mapazi ao, ndico mcenga woyera umene umakumbidwa ndi kutumizidwa ku mafakitale opanga magalasi. Pali ngakhale malo ena amene eni dera anawacha Sahara, cifukwa kukumba mcenga pamodzi ndi utsi wa fakitale ya zinki zinapha zomera mpaka panatsala cipululu.

Mcenga womwewo ndiwo unachukitsa Lommel pa masewera a motocross, ndiwo mjaho wa njinga zamoto m'njira ya dothi yokhotakhota, ya zitunda ndi maenje. Bwalo la mjahowu lili kunja kwa tauni, pakati pa mafakitale, ndipo okwera ambiri amalichula kuti ndilo limodzi la mabwalo obvuta koposa pa dziko lonse. Magulu ambiri a mpikisano wa dziko lonse anamanga misasa yao m'dera lomweli kuti anyamata ao aziphunzira pamenepo. Stefan Everts, amene anakhala ngwazi ya dziko lonse kakhumi, ndi mwana wa cigawo comweci ca Limburg.

Munthu wofika pabwaloli tsiku la maphunziro amayamba wamva phokoso la mainjini, kenaka amaona amuna ataima m'mbali mwa njira, aliyense ndi nkoloko m'dzanja limodzi ndi kabolodi m'dzanja lina. Amenewa ndi amakanika. Wokwera akamadutsa, makanika amalemba pa kabolodi nthawi imene wathera pozungulira bwalo kamodzi, namuonetsa. Mnyamatayo angadzimve ngati akuuluka, mcenga ukuwazika kumbuyo kwace, koma nambala ya pa kabolodi ikanena kuti wacedwa ndi masekondi awiri, mlandu wathera pomwepo.

Kale nchito yoyesa nthawi inali ya manja ndi maso. Alembi anali kukhala pa mzere wotsirizira ndi nkoloko zodina, nalemba nambala ya njinga iliyonse yodutsa. Koma matope ndi mcenga zinali kubisa manambala, ndipo njinga zikadutsa zitaunjikana, mikangano siinali kusowa. Zinthu zinayamba kusintha pamene kampani ya AMB, imene inayamba m'dziko la Netherlands m'caka ca 1982, inapanga kacipangizo kochedwa transponder. Poyamba kanali ka timagalimoto toseweretsa toyendetsedwa ndi wailesi, koma pambuyo pace kanafika ku mijaho ikuluikulu. M'caka ca 2008 kampaniyo inaphatikizana ndi ya ChampionChip, ndipo lero idziwika ndi dzina la MYLAPS.

Kagwiridwe kace ka nchito nkosabvuta kumva. Kacipangizoko, kocepa ngati bokosi la macisa, kamamangidwa kutsogolo kwa njinga, ndipo kali ndi nambala yaceyace. Pansi pa mzere wotsirizira pamakwiriridwa waya. Njinga ikadutsa pamwamba pace, wayayo amamva nambala ija naitumiza ku kompyuta, imene imalemba nthawi mpaka kacigawo kamodzi mwa 1,000 ka sekondi. Nthawi yomweyo imaoneka pa makina a m'misasa ya magulu ndi pa wailesi ya kanema. Masiku ano okwera ena amamangirira pa cisoti cao tizipangizo ta GPS, timene timagawa bwalo m'zigawo ndi kusonyeza pokhota pamene nthawi inatayikira.

Cimene Lommel iphunzitsa ndi cakuti kuzungulira kamodzi mwa liwiro sikupanga katswiri. Mjaho umodzi wa mpikisano wa dziko lonse umatenga mphindi 30, kuonjezapo kuzungulira kawiri, ndipo pa Lommel kuzungulira kamodzi kumatha pafupifupi mphindi ziwiri. M'mawa njira imakhala yosalazidwa bwino, koma matayala akaipalasa kambirimbiri imasanduka mizere ndi maenje ozama, kotero kuti palibe kuzungulira kofanana ndi kunzace. Wokwera ayenera kuimirira nthawi yambiri, kukankhira thupi kumbuyo ndi kusaleka kupatsa moto, cifukwa akangobweza dzanja tayala lakutsogolo limamira mumcenga ndipo njinga yolemera makilogramu oposa 100 imamuponya pansi. Mikono imauma, zala zimalephera kugwira, ndi maganizo amayamba kucedwa.

Apa ndipo pamene pepala la nthawi liulula zonse. Mphunzitsi wanzeru sayang'ana nambala yocepa koposa yokha. Iye amayerekeza kuzungulira kwacitatu ndi kwa khumi ndi cisanu. Ngati kusiyana kuli kwa masekondi awiri kapena atatu, mnyamatayo ali ndi mphamvu ndi luso. Ngati kuli kwa masekondi khumi, ndiye kuti thupi lamuthera, kapena zitsulo zonyamula njinga pa mabampu sizinakonzedwe moyenera mcenga. Sekondi imodzi yotayika pa kuzungulira kulikonse imakhala masekondi oposa 15 pomaliza, ndipo kusiyana kotere nkokwanira kulanda mnyamata malo m'gulu caka ca mawa. Pepalalo litetezanso moyo, pakuti wokwera wotopa ndiye amagwa, ndipo nthawi zikayamba kukwera msanga pa maphunziro, mphunzitsi amamuimitsa fupa lisanathyoke.

Nkoloko ilamulanso poyambira. Okwera okwana 40 angathe kuima pa mzere umodzi kumbuyo kwa zitsulo zimene zimagwa nthawi imodzi, ndipo amene anacita bwino poyesedwa ndiye amayamba kusankha malo. Akuluakulu anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Pa Lommel mau amenewa ndi oona ndithu, pakuti wotsala pokhota poyamba amamwa mcenga wa anzace onse, magalasi a kumaso nadetsedwa.

Mbiri ya tauniyi isonyeza kuti mcenga suopa dzina la munthu. M'caka ca 1981 anyamata anai a ku America, Donnie Hansen, Danny LaPorte, Johnny O'Mara ndi Chuck Sun, anadabwitsa akatswiri a ku Ulaya popambana Trophée des Nations pa Lommel. M'caka ca 2012 zinatembenuka. Gulu la America linafika litapambana Motocross of Nations zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, koma linamaliza lacitatu, kumbuyo kwa Belgium. Cikho cinapita ku Germany koyamba m'mbiri, cotengedwa ndi Ken Roczen, Max Nagl ndi Marcus Schiffer.

Madzulo phokoso likaleka, mathirakitala amalowa m'bwalo kusalaza mizere yonse, ndipo pofika m'mawa sipaoneka pamene panadutsa ngwazi kapena pamene panagwa wophunzira. Cotsala ndi pepala la manambala limene makanika wapinda naika m'thumba, kuti usikuwo iye ndi wokwera wace akhale pansi naone pamene masekondi anathawira.