Kumayadi kulibe odi

Inu amene mwangolowa kumene m'banja, lero tiyeni tikaone malo omwe ambiri mumawalota tulo tikakugwirani: kumayadi a mu Lilongwe, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43.

Kwathu ku Kabwazi, m'boma la Dedza, mlendo amangoti "odi!" ndipo asanatseke n'komwe pakamwa, mwana watuluka kale ndi mpando. Ukachoka kumeneko n'kukakwera minibasi pamsewu wa M1, kudutsa pa Nathenje mpaka mu depoti, umakhala udakali pakati pa anthu. Uyu akukukoka chikwama, uyo akukutsatsa mandasi. Koma ukawoloka mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi n'kupitirira Capital Hill, dziko limasintha. Kuli zii ngati kumanda. Mitengo ikuluikulu yamthunzi, mipanda ya njerwa yotalika kuposa munthu, pamwamba pake waya waminga kapena wamagetsi. Pageti pali chithunzi cha galu. Odi samveka kumeneku. Umagogoda chitsulo ndi kamwala, mlonda n'kusuzumira pakabowo: "Mwapangana nawo abwana?" Kaya ndiwe malume awo, funso ndi lomwelo.

Sikuti zidangochitika mwangozi ayi. Likulu la dziko lino lidasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo ndalama zoyambira ntchitoyo boma la Kamuzu Banda lidakongola ku South Africa. Omwe adajambula mapulani adagawa mzindawo m'madera okhala ndi manambala, n'kusiya tchire ndi madambo pakati pake. Kwina adadula mapuloti akuluakulu oti mukhale nyumba imodzi ndi kapinga, kufupi ndi maofesi a boma. Kwina, monga ku Kawale ndi ku Area 25, mapuloti ang'onoang'ono oti anthu athithikane. Choncho amene amasesa, kuphika ndi kulondera kumayadi ambiri sagona komweko. Mukadzuka m'mamawa mudzawaona ali mdipiti kuchokera ku Kauma, wapansi ndi panjinga, madzulo n'kubwereranso.

Zabwino ziliko, tisanamizane. Madzi ali m'nyumba, mwana amawerenga popanda chiphokoso cha shabini, ndipo palibe mayi woyandikana naye woti aziwerenga kuti mwadya nyama kangati mwezi uno. Banja lomwe latopa ndi miseche ya pamjigo likhoza kupumako ndithu.

Koma mpanda susankha. Umatsekera kunja mbava, umatsekeranso kunja anthu oti akakuthandizeni. Ndidakhalako sabata ziwiri kwa mdzukulu wanga wina. Nditafunsa dzina la mwini nyumba yoyandikana nayo, adandiuza mtundu wa galimoto yake. Zaka zinayi akukhala moyandikana! Mkazi wake, mwana wokulira pagulu, amaswera yekha ndi khanda ndi wailesi yakanema, bambo akapita kuntchito. Mwana akatentha thupi usiku palibe gogo woti amuthamangire. Akayambana awiriwo palibe amamva, ndipo nkhani yoti ankhoswe akadaizimitsa idakali utsi imafika kumudzi nyumba itapsa kale. Wina akhoza kumamenyedwa chaka chathunthu kuseri kwa geti lokongolalo anthu odutsa akusirira maluwa.

Pamaliro ndiye pamaonekera zonse. Ku Kabwazi zovuta zikagwa, uthenga ukangofika kwa amfumu, masamba aikidwa kale panjira. Amayi akubwera ndi ufa m'mbale, ena nkhuni pamutu, adzukulu atenga makasu m'bandakucha, ndipo usiku kusiwa kumadzadza anthu oimba mpaka kucha. Namfedwa sagwira kanthu. Kumayadi chilichonse n'chogula: tenti yahayala, mipando yahayala, ophika aganyu. Anzanu akuntchito amabwera, kupereka chipepeso mu envulopu, kukhala ola limodzi, kenaka makiyi agalimoto ayamba kulira m'manja. Amene amagona nanu pamphasa usiku wonse ndi omwe aja achoka kumudzi pa lole, omwe mwina chaka chatha adadikira panja pa geti dzuwa likuswa mtengo chifukwa sadaimbe foni.

Tsono sindikuti musakakhaleko. Mulungu akakudalitsani pitani, ndani amakonda kudontheredwa? Koma kambiranani muli awiri musanasamuke. Abale akuchimuna ndi akuchikazi azibwera motani, azikhala masiku angati, azigona kuti? Apongozi si oti muziwagoneka ku boizikota pamodzi ndi makasu ndi zitini za penti pamene chipinda cha alendo chili chokhoma. Mlonda mumuuze maina a abale anu. Lowani mphakati kapena mlaga wa m'dera lanulo, poti kumayadi ndi njira yokhayo yomwe anthu amalowerana m'nyumba. Ndipo wantchito wanu wochokera ku Kauma uja mudziwe komwe amakhala, akaferedwa mupiteko, chifukwa ndi iyeyo amene amaswera ndi mwana wanu.

Za ana ndiye zimandimvetsa chisoni. Amachoka m'nyumba kulowa m'galimoto, kutsika pasukulu, kubwerera m'galimoto, geti n'kutsekedwa. Sadziwa phada, sadziwa kuwotcha mbatata paphulusa. Agogo awo akabwera, moni amapereka ataimirira, m'Chingerezi, nkhalamba n'kumangomwetulira osamva kanthu. Sukulu zikatsekera holide yaitali ija ya mu August, atumizeni kumudzi ngakhale sabata imodzi. Nthawi imeneyo anthu amakhala atakolola, chakudya chilipo, maukwati ndi magule ali ponseponse. Akatunge nawo madzi, akatole nkhuni, akadziwe manda a makolo awo ndi msuweni wawo aliyense. Musaiwale kuwalongedzera majuzi ndi bulangete, kwathu ku Dedza kumazizira.